Nyenje ya m'mahedifoni

Lolemba, 7 Epulo 2003

Tsiku loyamba kuntchito yanga ya u-DJ pa loji chitulukireni m'chipatala. Miyendo idakali yolefuka, m'kamwa mukuwawabe kwinini. Loji ili zii, alendo ochepa. Koma Pasaka wayandikira, ndipo a Martin, amanijala athu, andikumbutsa kale. Anthu a ku Lilongwe adzadzaza gombe lonseli, nyimbo zidzamveke bwino.

Ndayatsa kompyuta, ndalumikiza masipika aja okhala ndi amplifaya m'kati, ndavala mahedifoni. Nyenje. Kaphokoso kopyapyala, tswiii, pamwamba pa nyimbo iliyonse. Kale kunalibe zimenezi. Ndasintha mawaya, ndapukuta mapulagi ndi sipiriti, kakadalipo. Vuto ndi kompyutayi basi. Potulukira mawu pake ndi pachabechabe, pamatola phokoso la fani ndi la magetsi.

Ndikadzaimba chonchi pa Pasaka, ntchito yatha. Mlamu wa a Martin ali ndi chikwama cha nyimbo zake, ndipo pamene ndinali m'chipatala ankangozungulira pano ngati khwangwala.

Lachitatu, 9 Epulo

Ku Lilongwe pa minibasi, kwa Abbas, mnzanga wa kusukulu wogulitsa zamagetsi. Wandifotokozera bwino. Nyimbo m'kompyuta ndi manambala chabe. Pamafunika kabokosi kowasandutsa mawu, ndipo kakhale panja, kutali ndi phokoso la m'katimo. Wandibwereka tiwiri kuti ndikayese, ndisankhe kamodzi, loji idzalipira.

Kakuda nkakang'ono, kokwana m'thumba la shati. Kamadya magetsi a kompyuta yomweyo, potulukira mawu pamodzi pokha. Kasiliva nkolemera, kali ndi pulagi yakeyake, potulukira pawiri, masipika kwawo, mahedifoni kwawo. Ndi kameneko ndingathe kumvera nyimbo yotsatira anthu akuvina ina.

"Asankhe ndi makutu akowo, Lenard, ine ndimangogulitsa," anatero Abbas. Ndinaseka. Makutu anga akudziwika Senga Bay yonse. Sipika ikayamba kung'ambika ndimaimva ndili kukhitchini.

Loweruka, 12 Epulo

Kakuda, nyenje. Kasiliva, nyenje. Kuzula, kubaya, kuzulanso, mpaka mutu waukulu. Zisekese sizikumveka n'komwe, gitala wamng'ono wasowa. Nyimbo zonse ngati wailesi yoimbira m'ndowa. Ndamuimbira Abbas pa foni ya ku ofesi, ndamukalipira kuti wandipatsa zinyalala. Zimene anayankha sindinazigwire bwino, laini inali yoipa.

Kunyumba mkazi wanga Nancy akuti anandiitana mpaka kutopa, ine ndili pakhonde pomwepo. "Bambo a Thoko, si mawaya ayi. Chichokereni kuchipatala mumandiyang'ana pakamwa ndikamalankhula." Ndinamuuza kuti za mawaya sazidziwa, asamale za mpunga wake. Anabwerera kukhitchini. Ndinamulakwira, koma ndinali nditatopa.

Aliyense kuno amadziwa kuti kwinini amachititsa makutu kulira, koma zimenezo zimatha msanga. Zanga izi ndi za kompyuta.

Lachiwiri, 15 Epulo

Masana ndinabwerera kunyumba kudzadya. Ndili pansi pa mtengo wa mango ndinadandaula kuti chaka chino nyenje zanyanya, kuntchito nyenje, kunonso nyenje, munthu osapuma. Nancy anaika mbale pansi. "Nyenje mu Epulo? Zija zimalira dzuwa la Okutobala. Mumtengomu mulibe kanthu."

Ndinabadwira konkuno ine. Ndimadziwa nthawi ya nyenje. Sindinaganizeko n'komwe.

Chakudya ndinachisiya. Ndinabwerera ku loji, ndinazimitsa kompyuta, ndinazula chilichonse kukhoma. Ndinavala mahedifoni, waya wake uli m'dzanja langa, wosabayidwa paliponse.

Tswiii.

Ndaopa kwambiri. Ngakhale malungo aja sanandiopse chonchi.

Lachinayi, 17 Epulo

Kuchipatala. Adokotala anandiunika m'makutu, mulibe mafinya, mulibe chotseka. Akuti malungo anali aakulu ndipo mankhwala aja ndiwo anandipulumutsa. Ambiri makutu amabwerera, ena ochepa ayi. Tidikire, akutero. Kudikira nditagwira chiyani? Sindidziwa kusodza, sindidziwa kulima. Chichokereni kusukulu ndakhala ndikudya za makutu.

Pobwerera, wa kabaza ankandicheza njira yonse. Ndinkangoti eya, eya. Mwina ankandiuza za maliro.

Ndiyenera kumupepesa Abbas. Ndiyamba bwanji, poti akadziwa iye, mawa a Martin adziwa.

Lachisanu Loyera, 18 Epulo

Kutchalitchi sindinapite. Kwaya ija ndinkaikonzera maikolofoni ndine, sindikufuna kuimva itasanduka phala.

A Martin anabwera pamene ndimaimbira, mlamu wawo ali kumbuyo. "Ndiye mwasankha kati? Ndinu katswiri wathu pano." Ndinati ndikumalizitsa kuyesa, yankho mawa. Anagwedeza mutu, anapita. Mlamuyo anatsalira pang'ono, akuyang'ana timabokosi tija.

Magalimoto ayamba kufika. Ana a ku tauni kuthamangira kumadzi ndi zovala zomwe. Ndikuwaona akukuwa.

Loweruka, 19 Epulo

M'mawa, alendo asanadzuke, ndinabwera ndi Nancy. Sanayambe wavalapo mahedifoni. Anachita kuvula duku, akuseka mwamanyazi, kenako anaona nkhope yanga n'kusiya. Ndinamuikira nyimbo ija tinavina pa ukwati wathu, poyamba pa kakuda, kenako pa kasiliva. Ndinamuuza kuti amvere zisekese, amvere ngati mawu a woimba ali pafupi kapena kutali.

Pa kasiliva anatsinzina, milomo ikutsatira nyimbo. Ine ndinkayang'ana timagetsi tobiriwira tikukwera ndi kutsika. Analoza kasilivako ndi chala.

A Martin ndawauza kuti ndasankha kasiliva. Andiyamikira, akuti khutu ngati langa kulibe gombe lonseli. Lero Nancy akhala pampando pafupi ndi bala ngati wodzaonerera. Sipika ikang'ambika agwira duku, mawu akachepa akweza botolo. Mawa chimodzimodzi. Za mkuja sitinakambirane.

Asanavule mahedifoni aja ndinamufunsa ngati nyenje ikumveka, ngakhale pang'ono. Anapukusa mutu. Kenako ananena kanthu kena motsitsa, akundigwira dzanja. Sindinakamve, ndipo sindinamupemphe kuti abwereze.