Njati Ikwere Chikweza Chachitatu

Lolemba, 3 Novembala

Bokosi lafika. Supachaja yathunthu, mapaipi ake, lamba, mainjekita sikisi, ndi kabuku ka malangizo kothimbirira ndi oilo. Yachoka pa pikapu ya mnzanga wa mipikisano ya galimoto, amene anaigubuduzira mumtsinje n'kulumbira kuti zamisalazo wasiya. Ndaizunguza ndi dzanja, ikuyenda myaa.

Ndilembe chifukwa chake pano, kuti tsiku limene ndidzafune kuponya sipanala kutchire ndidzawerenge. Njati, pikapu yathuyi, yakhala ikunyamula katundu wa chipatala cha pamwamba pa phiri kwa zaka zinayi: mankhwala, mabotolo a gasi, nthawi zina odwala amene. Kunsi kuno imakoka ngati njatidi. Koma kumtunda mpweya ndi wochepa, injini imabanika, ndipo ikafika pa chikweza chachitatu, chamiyala chija, imangopuma wefuwefu ngati munthu wa mphumu. Mwezi watha inakanika kawiri. Kachiwiriko tinatsitsa makatoni n'kuwasenza pamutu, a Sisitala akutiyang'ana manja ali m'chiuno.

A Sisitala ndi amene amayang'anira chipatalacho, ndipo polankhula sapita m'mbali. Lachiwiri pa 11 akufuna jenereta yatsopano ikwere pa ngolo mvula isanawononge msewu. Akuti Njati ikakanikanso, ntchito apatsa wina. Ntchito imeneyi ndi imene yagwira galaja yathu. Ikapita, titseka.

Supa ntchito yake n'kukankhira mpweya mu injini mokakamiza, lamba akuizunguza. Basi. Njati ipume, ikwere.

Bambo anasuzumira m'bokosi n'kuti, "Galimoto yokalamba ukuipatsa mapapo a mwana. Mtima wake upirira?" Ndinati upirira, masilinda onse ndinayeza kale. Anangoguguza pakhosi n'kukakhala pampando wawo wa pakhomo.

Lachiwiri, 4 Novembala

Tsiku lonse lophwasula. Manifodi yakale, chipaipi cholowetsa mpweya mu injini, yatsika, mainjekita akale atsika, mapulagi nawonso. Waya aliyense ndam'mata tepi n'kulemba kumene akupita.

Bambo anandigwirira tochi. Galajayi anaiyamba ndi iwo, ine ndisanabadwe, ndipo chilichonse chimene ndimadziwa chinachokera m'manja mwawo. Koma manjawo tsopano amanjenjemera, chaka chachitatu chino. Kuwala kwa tochi kumangovina pa injini ponse, ine n'kumasaka bawuti mumdima. Zimandipweteka kuona, ndipo iwo amadziwa kuti ndaona.

Tepi ija inawaseketsa. "Ife tinkasunga m'mutu, Nagirizi." Ndi mmene amanditchulira, chifukwa cha girizi wosachoka m'manja mwanga.

"N'chifukwa chake munkatsala ndi mabawuti atatu m'thumba galimoto itapita kale."

Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti amenewo anali mabawuti aulesi, osagwira ntchito.

Lachitatu, 5 Novembala

Bawuti ya pule ya pansi, kawilo kozunguza lamba. Maola atatu, zala ziwiri zasupuka, koma yatuluka. Walira mvula walira matope.

Lachinayi, 6 Novembala

Supa yakhala pamalo pake! Tinaikweza ndi tcheni, n'kuitsitsa pang'onopang'ono pa gasiketi yatsopano yotseka mpata kuti mpweya usathawe. Ikuoneka ngati mlendo wovala suti pakati pa anthu a maovolosi, koma yakwana ndendende.

Mabawuti ake ndi khumi, ndipo amalowa m'hedi, mutu wa injini, ya aluminiyamu. Kabuku kakuti uyambe apakati, uzipita kunja mopingasa, ndipo mphamvu yake ndi yochepa zedi. Ndinatenga sipanala yoyezera, ija imati "thi" bawuti ikafika pake. Thi, thi, thi, mpaka khumi.

Bambo anali pambali, nkhope itakwinyika. "Wamanga pamenepo?"

"Ndamanga."

"Iwe, zimenezo n'kusisita. Bawuti imamangidwa mpaka ilire."

Ndi mmene akhala akugwirira ntchito moyo wawo wonse. Ali ndi kampaipi kawo kamene amalowetsa kumchira kwa sipanala, n'kukanikiza mpaka chitsulo chiti kwii. Pa mainjini akale a chitsulo chakuda zinkayenda, ndipo palibe galimoto yawo inadonthapo. Ndinawafotokozera kuti aluminiyamu ndi yofewa, ukaikakamiza matiredi, timizere togwira bawuti, amangosupuka. Anati aluminiyamu anayamba kuigwira ine ndikuyamwa. Ndinasiya, sindinafune mkangano.

Masana ndinathamangira kukasaka paipi ya madzi oziziritsa supa, chifukwa ya m'bokosi yafupika. Mashopu anayi, maola awiri. Pobwera ndinapeza Bambo akusamba m'manja uku akuimba kamluzu, zimene sanachite kwa miyezi. Ndinasangalala kuwaona choncho. Lamba ndakoleka, mawa tiliza.

Lachisanu, 7 Novembala



A Laputopu anabwera m'mawa. Ndi amene amasintha nzeru za kompyuta ya galimoto kuti ipereke petulo wokwanira mpweya watsopanowo. Analumikiza, anatayipa, n'kuti liza. Njati inalira kamodzi n'kamodzi, mtima wanga n'kudumpha. Koma posakhalitsa injini inayamba kukwera, kutsika, kukwera, ndipo kumbuyo kwa supa kunkamveka tsiii. A Laputopu anati ikuba mpweya penapake, sangapitirize, ndiwaitane ndikakonza.

Ndinaika kapaipi kukhutu n'kutsata phokosolo mpaka pa bawuti yakumbuyo kumanzere. Kuigwira ndi sipanala, ikungozungulira. Ndinaizula ndi zala, itakulunga tizingwe ta aluminiyamu. Matiredi a m'hedi atha. Ndinayesa zinazo ndi sipanala yoyezera: zonse zisanu ndi zinayi zomangidwa ngati za tayala la lole. Gasiketi yafinyika mpaka kutulukira m'mbali.

Kampaipi kaja kanali pa benchi, osati pa msomali pake.

Ndinafunsa kamodzi kokha. "Bambo, dzulo munakhudza?"

Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Ndinangoonjezera pang'ono. Ndimaopa zingamasuke kuphiri, iwe uli wekha."

Apo mpamene ndikanatseka pakamwa. Koma mtima unali utapsa kale. Ndinati masiku atsala anayi, ndinati mwatimiza, ndinati ndinakuuzani. Kenako ndinanena chimene sindidzaiwala: "Manja anu anatha, Bambo, vomerezani. Ingokhalani pampando."

Anavula ovolosi, n'kuipinda bwinobwino, n'kulowa m'nyumba.

Ndazimitsa zonse. Kulira ndalira, kuseri kwa Njati. Koma galimotoyi ikwera, zivute zitani.

Loweruka, 8 Novembala

Supa yatsikanso. Ntchito ya masiku awiri ndaibweza m'mawa umodzi, ndekha, tcheni ndikukoka ndi dzanja limodzi. Hedi sinang'ambike, zikomo Mulungu. Bowo limodzi lokha ndi limene lafa, enawo apulumuka.

Gasiketi ina ndaipeza kwa mnzanga wa mipikisano uja, inali m'kabati mwake. Ndaimbira a Milimita, aja osula ndi kutokosa zitsulo kuseri kwa msika. Akuti bowolo alikuza pang'ono, adula matiredi atsopano, n'kulowetsamo kachitsulo kopota. Lero ali ndi ntchito ya eni, abwera mawa masana. Ndinawachonderera mpaka anati, "Chemwali, mukandiimbiranso ndibwera Lachitatu."

A Sisitala atumiza uthenga: "Tili pamodzi Lachiwiri?" Ndayankha kuti inde. Chala sichinazengereze.

Mpando wa pakhomo uli wopanda munthu tsiku lonse. Ndinawapititsira tiyi, ndinati pepani. Anati, "Ika pompo." Tiyi ndinakam'tenga atazizira, wosakhudzidwa. Pepani sapoletsa chilonda.

Lamulungu, 9 Novembala

A Milimita anafika ndi kachikwama kawo, magalasi ali pamphuno. Atayeza bowo anapukusa mutu. Lili pafupi kwambiri ndi khomo lolowera mpweya. Kanyenyeswa kamodzi kakagwera m'silinda, injini yatha. Ndinatseka makomo onse ndi nsanza ndi tepi, komabe iwo ankazengereza, akuti njira yabwino n'kuchotsa hedi yonse. Kuchotsa hedi ndi masiku atatu. Ndilibe masiku atatu.

Tili chiimire choncho, ndinamva mapazi. Bambo, atavala malaya oyera, atanyamula chitini cha girizi ndi manja awiri kuti chisagwe. Anachiika pa benchi. Ine sanandiyang'ane n'komwe, analankhula ndi a Milimita.

"Pakani girizi wambiri pa dirilo, ndi pa chodulira matiredi chomwe. Zinyenyeswa zimamatirira pamenepo. Mukazunguza kawiri tulutsani, pukutani, pakaninso. Musathamange."

A Milimita anati, "Madala, zimenezi ndinaziiwala kalekale."

Tinachita momwemo. Kawiri, kutulutsa, kupukuta, kupaka. Mwina maulendo makumi awiri. Girizi ankatuluka ali mbuu ndi tizitsulo, m'bowo muli mbee. Kachitsulo kopota kanalowa, bawuti inagwira. Nditatembenuka kuti ndithokoze, anali atalowa kale m'nyumba.

Lolemba, 10 Novembala

Ndinayamba kusanatenthe. Gasiketi, supa, mabawuti khumi motsata kabuku, mapaipi, lamba, mawaya. Tepi yanga yandipulumutsa. A Laputopu anafika cha m'ma 11, tinathira petulo wabwino, ndinaliza. Injini inakhazikika phee, popanda tsiii. Nditaponda pang'ono, supa inaimba kamluzu kake kaja, wiii, tsitsi langa n'kuima.

Tinazungulira msewu wa kumiyala katatu, iwo laputopu ili pamiyendo. Njati yasanduka ina. Giya imene kale inkalira, pano ikungoseka. Koma a Laputopu anandichenjeza: asintha zonse ali kunsi kuno, kopanda katundu. Kuphiri, kukutentha, ngolo ili kumbuyo, injini ikhoza kuyamba kugogoda, ndipo ndikapanda kumva msanga pisitoni ibooka. Iwo mawa sangapite, ali ndi ulendo wina.

Ine ndikamalimbana ndi chiwongolero pamiyala sindimva kanthu, ndikudzidziwa.

Jenereta tamanga pa ngolo madzulo ano. Ndi chinthu cholemera, matayala a ngolo achita kuphwa. Nditatha ndinapita kukhonde kumene Bambo anakhala, ndinagwada pambali pa mpando wawo.

"Bambo, mawa tipite limodzi."

"Ndikatani? Manja anatha."

Zinandilasa, koma ndinayenera kulasidwa. "Ndinalankhula zopusa, ndikhululukireni. Koma sindikupempha manja. Ndikupempha makutu. Ikayamba kugogoda, ine sindimva."

Anayang'ana Njati. Kenako anafunsa kuti tinyamuka nthawi yanji.

Lachiwiri, 11 Novembala

Tinanyamuka 6 koloko, mitambo itayamba kale kusonkhana kuphiri. Bambo anatsitsa galasi lawo, mutu atapendeketsa, akumvetsera injini. Chikweza choyamba, Njati sinachione n'komwe. Chachiwiri inakwera ikuimba. Ndinayamba kudzimva, sindibisa.

Pansi pa Chachitatu ndinaima, ndinalowetsa mawilo onse anayi, ndinapukuta manja pa thalauza. Ndinanyamuka pa giya yachiwiri. Miyala ikuthawa pansi, ngolo ikukoka kumbuyo, chiwongolero chikundimenya m'manja. Tinadutsa pa mtengo wopsa pamene tinasenzera makatoni paja, Njati ikadali ndi mpweya. Ndinaponda kwambiri kuti timalize.

"Ikugogoda!" anakuwa Bambo. "Pepuza phazi! Bwerera wani!"

Ine sindinkamva chilichonse koma mluzu wa supa ndi miyala. Mtima unkati ponda, patsala pang'ono. Kusintha giya pakati pa chikweza, ngolo ili kumbuyo, n'kumene anthu amabwerera chambuyo. Koma ndinapepuza, ndinaponda kilatchi, ndinakankha wani. Njati inaima kaye ngati ikuganiza, ngolo inatikoka, kenako matayala anagwira.

"Pomwepo. Usaonjezere, usachepetse. Yasiya. Gwira pomwepo, mayi."

Tinakwera ngati munthu woyenda pansi, injini ili m'mwamba, Bambo akungoti pomwepo, pomwepo, dzanja lawo likugunda pa bondo langa. Sindikudziwa kuti zinatenga mphindi zingati. Ndinangoona msewu wagona, denga la chipatala lili patsogolo.

A Sisitala anatuluka, anazungulira ngolo, anagogoda jenereta ndi chala. "Mwachedwa ndi mphindi khumi," anatero. Kenako: "Lachisanu mabotolo a gasi, asanu ndi atatu. Musaiwale." Ameneyo ndiye zikomo wawo, ndipo wandikwanira. Ntchito ikadali yathu. Ndinakhala pa bampala.

Mvula inatipeza tikutsika, titadutsa kale pamiyala. Ndinkawauza Bambo kuti mawa ndiitana a Laputopu achepetse mphamvu ya injini pang'ono, kugogoda kuja kusadzabwerenso. Sanayankhe. Ndinaganiza kuti akadakwiya. Kucheuka, mutu wagwera pa galasi, kukamwa kuli yasa.

Chibadwire sindinawaonepo Bambo akugona m'galimoto imene akuyendetsa munthu wina. Amakhala tcheru, phazi likuponda buleki ya m'maganizo, akukuuza za dzenje limene waliona kale. Lero agona kuyambira pa chikweza choyamba mpaka pakhomo.

Ndikulemba izi ndili pa chiwongolero, kutsogolo kwa galaja, mvula ikumenya boneti. Injini sindinazimitse. Ndikazimitsa adzuka.