Polishi Wofiira ndi Mayi Pepani

Lolemba, 4 Ogasiti

Zikope zatupanso. Kuyabwa ngati ndagona pa chitedze. Ndapaka mafuta, ndapaka paudala, ulendo wa ku ntchito.

Pa kauntala ya hotela munthu umadyera nkhope ndi manja basi. Manja ali bwinobwino: polishi wa zikhadabo wofiira wa kumsika uja, wotchipa, wowala ngati galimoto yatsopano. Nkhope ndiye yandigalukira.

Mayi Pepani, woyang'anira okonza zipinda, wandiyang'ana mpaka ndatopa. Dzinalo ndinamupatsa ndine, chifukwa ngakhale atadzigunda pa chitseko amachipepesa. Akuti, "Asisi, mukafuna munthu wolankhula naye, ine ndilipo." Ndilankhule naye chiyani? Za matawulo?

Lachitatu, 6 Ogasiti

Diso lakumanzere latsala pang'ono kutsekeka. Abwana andichotsa pa kauntala, andiika ku kaofesi kakumbuyo kuti ndiziyankha foni "mpaka nkhope ikhale yoti alendo n'kuiona." Akunena zimenezo munthu woti mimba yake imayamba kulowa pakhomo, mwini wake n'kufika pambuyo. Kumbuyoko kulibe mlendo wokusiyira kangachepe. Mwezi uno tiona.

Ndikalowa ku kantini, onse zii. Ndikatuluka, nong'onong'o. Lero ndamva wophika akunena kuti, "Amuna ofatsawa ndiye oopsa." Apo m'pomwe ndadziwa. Akuganiza kuti amuna anga amandimenya!

Amuna anga. Munthu woti kangaude akalowa m'bafa amamutola ndi kapu n'kukamusiya panja. Ndaseka mpaka misozi, diso n'kuwawa. Nditawauza kunyumba, iwo sanaseke.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Amuna anga abwera kudzanditenga ku ntchito. Mlonda, yemwe masiku onse amawaimika n'kumakamba nawo za mpira, lero wayang'ana kumbali. Mayi Pepani watulukira, n'kudzaima pakati pa ine ndi iwo, atakumbatira mulu wa nsalu zogonera. Kamunthu kochepa ngati tsache, koma osachokapo. Sewero lenileni.

Titafika kunyumba, amuna anga anena: "Ndiye ine ndasanduka chilombo tsopano?" Chakudya sanadye.

Anthu opanda zochita. Miyoyo yawo ndi yozizira, ndiye akufuna kuwotha moto pa banja langa. Mawa ku chipatala, zithe.

Loweruka, 9 Ogasiti

Mzere wautali, benchi yolimba, mwana wa munthu wina kundiponda phazi. Kenako dokotala wa khungu, mayi wa magalasi aakulu. Ine ndabwera ndi maso, iye n'kundigwira zala. Ndinatsala pang'ono kumufunsa komwe anaphunzira udokotala wake.

Akuti ndi polishi. Khungu la m'zala ndi lolimba, silidandaula msanga, koma zikope n'zopyapyala, ndipo munthu umadzigwira m'maso tsiku lonse osadziwa. Akuti mu polishi wina amaikamo utomoni wa fomadihaidi woti agwire kwambiri, ndipo matupi ena amaukana. Watchulanso toluwini, amene amanunkha n'kupweteketsa mutu, ndi dzina lina lalitali ngati njanji. Ndichotse wonse, ndidzole mankhwala, ndidikire. Ndikadzafunanso, ndiziyamba ndawerenga zomwe zalembedwa pa botolo. "Botolo losalemba zomwe zili m'kati, lisiyeni pomwepo."

Zikhadabo zake iyeyo zodula mpaka pamnofu, ngati za mwana wa sukulu. N'zosavuta kuletsa ena nyama iwe ulibe mano.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Ndachotsa. Pakhonde, kuti fungo lisadzaze nyumba. Zomwe ndapeza pansi pake: zikhadabo zachikasu, zosuwa, zong'ambika m'mphepete. Ziboda za mbuzi. Ndakhala ndikupaka pamwamba pa zakale, osayang'ana.

Timabotolo tonse ndatulutsa m'dilowa. Ndatembenuza kalikonse. Palibe kolemba kanthu, kupatula chithunzi cha mkazi wa milomo yonenepa. Ndataya.

Amuna anga akuti m'chipinda mwasiya kununkha ngati kogwirira ntchito anthu openta magalimoto. Masiku onsewa anali kuti osanena?

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Manja opanda kanthu. Ndikumawabisa pansi pa tebulo ngati ndaba.

Poweruka ndadzera kumsika kwa wogulitsa polishi uja. Ndamufunsa ngati ali ndi polishi wopanda makemikolo oipa. Wanditolera kabotolo kojambulidwa chipatso. "Uyu ndi wa zipatso zokhazokha, mayi, olo kumwa mutha kumwa." Ndamuuza kuti ayambe iye. Wati wangomaliza kudya.

Kenako ku sitolo yaikulu ya zodzola, ya magalasi mbali zonse. Kumeneko bodza limavala suti. Botolo ili likudzitama kuti lilibe zoipa zisanu, linalo zisanu ndi ziwiri, lina khumi. Ndafunsa wogulitsa kuti khumizo ndi ziti. Wandiyang'ana ngati ndamufunsa dzina la agogo a agogo ake. Wandisonyeza lina lojambulidwa tsamba lobiriwira. Tsamba! Nanga fodya si tsamba?

Zilembo zake ting'onoting'ono ngati nyerere, dala. Ndajambula ndi foni n'kukulitsa. La tsamba lija, utomoni womwe uja uli phee pa mzere wachitatu. Ndabweza pa shelefu moti limveke.

Ndatuluka ndi kabotolo kamodzi, kosungunulira ndi madzi, kosanunkha, kolemba zonse poyera. Mtundu wake ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Mtengo wake usanenedwe. Nsapato zomwe ndinkafuna kugula zidikira.

Loweruka, 16 Ogasiti

Maso aphwa. Kuyabwa kwatha. Dokotala wa magalasi uja ananena zoona, zomwe zikundinyansa.

Ndayesa polishi watsopano pa kachala kakang'ono kokha, monga anandiuzira, kuti ndione ngati thupi limulola. Amachedwa kuuma. Ndakhala pakhonde chala chili m'mwamba ngati ndikufuna kufunsa funso m'kalasi.

Amuna anga safunanso kufika pa geti ya hotela. Akuti azindidikira pa kona, pafupi ndi wosoka nsapato. Munthu wosalakwa kumabisala ngati wakuba, chifukwa cha pakamwa pa anthu ochapa mbale.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Ndabwerera pa kauntala. Zala zonse khumi za tiyi wa mkaka. Mlendo wina wachikulire wati ndi zaulemu. Zaulemu! Ine ndinkafuna zoti munthu akaziona aiwale nambala ya chipinda chake. Komanso uyu sachedwa kusupuka, ukangochapa kawiri wayamba kale. Koma ndikuona ndi maso onse awiri, ndiye tizipirira.

Ku kantini ndaimirira n'kuwauza onse kuti anali polishi, adokotala atsimikiza, aliyense asamale pakamwa pake. Nkhope zawo! Ngati ndawalanda nyama m'mbale. Wophika wangopitiriza kuomola. Mlonda wati ndikawapatse moni achimwene kunyumba. Akawapatse yekha.

Mayi Pepani wanditsatira mpaka ku chimbudzi. Wandigwira mkono, maso ali ndi misozi. "Polishi. Chabwino asisi. Polishi." Ngati akutonthoza mwana wonama. Ndachotsa dzanja lake. Anthu ena chifundo ndi matenda.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Mayi Pepani sanabwere ku ntchito dzulo ndi dzana. Zipinda za pamwamba zinachedwa kukonzedwa, alendo n'kumakalipira ine.

Lero wabwera. Diso lakumanja lotupa, paudala wambirimbiri. Ndinati ehe, yakwana nthawi yanga. Ndamupeza yekha m'chipinda chosungira nsalu, akupinda matawulo. Ndatulutsa kabotolo kanga m'chikwama, ndayamba kumuphunzitsa mwamatama: utomoni, toluwini, tsamba lobiriwira, kujambula ndi foni. Ndamuuza kuti asiye zotchipa za kumsika. Ndinamva kukoma ndithu.

Wandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako waika manja ake pa thaulo. Zikhadabo zazifupi, zodyeka ndi sopo, zosaonetsa kuti zinalawapo polishi chibadwire. Pa mkono, pomwe juzi inakwera, mabala a zala zinayi.

"Ine sindipaka, asisi. Pepani."

Watsitsa juzi, wapitiriza kupinda. Ine chiimire ndi kabotolo m'manja. Belu la pa kauntala likulira, ndapita.

Ku kantini masana palibe wanong'ona kanthu. Za ine anali ndi mawu tsiku lonse. Za iye aliyense maso m'mbale. Kaya anazolowera. Kaya akhala akudziwa kuyambira kale, ine ndekha ndi amene ndinali wotanganidwa ndi zala zanga.

Ndawauza amuna anga. Angonyamuka n'kuyamba kutulutsa makatoni m'chipinda chathu chaching'ono, kuti mupezeke malo ogona munthu.

Mawa Mayi Pepani akuweruka masana. Ndasinthana ndi mnzanga wa pa kauntala kuti nane ndiweruke nthawi yomweyo. Zoti ndikayamba ndi mawu ati, kaya.