Simenti ya Malemu pa Khoma la Njereza

Aphungu,

Amuna anga, a Famau, atisiya masabata asanu apitawo. Ndili pa eda, kubindikira kwa mkazi wamasiye pa Chisilamu, m'chipinda chamkati cha nyumba ya makolo awo, momwe anasambitsiramo thupi la malemuwo, ndipo sindituluka pakhomo mpaka ikwane miyezi inayi ndi masiku khumi.

Nyumbayi ndi ya miyala ya m'nyanja yomangira njereza, ndipo ili m'gulu la nyumba zakale zotetezedwa ndi boma. Sitisintha ngakhale chitseko popanda chilolezo cha ofesi yoona za nyumba zakale. Chaka chatha nthenda yanga ya chifuwa itakula, a Famau anamata simenti kunja kwa khoma la chipindachi mwakachetechete, kuti chinyezi chisamalowe. Nditafunsa anaseka: "Iwe ziwerenga mabuku ako, za khoma undisiyire."

Tsopano khomalo likuchita thukuta mkati. Zidaka, timapanga tozokota m'khoma momwe ndimasungamo mabuku, zikuyoyoka ngati ufa. Mtanda umodzi wa denga wada kunsonga, ukadina chala chikulowa. Uli pamwamba penipeni pa bedi langa.

Nditawauza achemwali awo, a Mwanaisha, anati, "Mlamu, ukaitana a ku ofesi, ukanena kuti anamata ndani? Dothi silinaume pamanda, iwe wayamba kale kumuimba mlandu? Nyumba ino yaona mvula zambiri kuposa masamba a mabuku akowo."

Ndawerenga zambiri za imfa, koma izi sindinazipezemo. Ndikhale chete kuti ndisunge dzina lawo? Nanga mmisiri wamwamuna alowa bwanji muno ine ndili pa eda? Kambewa kakangothamanga kudenga, ndimadzuka kuyang'ana mtandawo.

H.S., Lamu

Mayi H.S.,

Pepani ndi zovutazi. Koma musanamalize kuwerenga tsamba lino, kokani bedilo. Eda imafuna mukhale m'nyumba, sinanene kuti pansi pa mtanda wowola. Samukirani chipinda chakutsogolo ndi mabuku anu. Ngati mukukayika, tumani munthu akafunse kwa shehe wanu.

Khoma la njereza limapuma. Simenti yalitseka mphuno, ndiye madzi akusowa potulukira, akubwerera mkati kukadya zidaka ndi nsonga za mitanda. Simentiyo isanachoke, palibe chimene chiume.

Lembani kalata ku ofesiko, kulemba mumatha. Nenani zoona: malemu anamata pofuna kuteteza chifuwa chanu. Sindikulonjeza kuti akakusekererani, koma khoma loima limakonzeka. Tsiku lobwera mmisiri, amulandire ndi a Mwanaisha inu muli kuseri kwa nsalu. Muwapatse ntchito imeneyo, pakamwa pawo papumeko. Choyamba mmisiriyo achirikize mtandawo ndi mzati, zina pambuyo.

Chenjerani ndi wina aliyense wobwera ndi penti kapena simenti ina kuti abise chinyezicho. Ndipo musadikire kuti eda ithe, mvula siyidikira. Denga likagwa, tauni yonse idzaiona simentiyo pabwinja, ndipo inu simudzakhalapo kuti muwauze chifukwa chimene a Famau anaimatira.

Aphungu