Nsomba imene Mphatso anakugwirirani

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Ilford tilipo. Masamba ayamba kuyoyoka, ndipo mphepo imene munkadana nayo ija yayambanso kulowera pa windo la kukhitchini. Eni nyumba akungolonjeza kuti abwera kudzakonza. Ine ndikadali pa wodi ya okalamba, bambo a Takondwa akuyendetsabe basi. Kumudzi mng'ono wanga Esinala anachira mu Juni, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Achimwene akuti mtedza wachita bwino, koma kudimba kwanu kunalowa mbuzi, mpanda unagwa mvula itangotha.

Chimene ndakhalira pansi kuti ndikuuzeni ndi cha adzukulu anu. Pa holide ya mu Ogasiti tinawatenga kukagona m'tenti kumalire a tauni, kumene kuli nkhalango ndi kadamu kololedwa kuwedza. Tenti tinabwereka kwa mayi wina wa ku Zambia amene timapemphera naye. Takondwa, amene tsopano wandipitirira paphewa, anapita monyinyirika chifukwa foni sigwira kumeneko. Mphatso yekha ndiye anadzuka kusanache, nsapato atavala kale. Mwina chifukwa cha lonjezo lanu lija. Chaka chimene munadzakhala nafe kuno munkamuuza kuti akadzafika ku Bua mudzamuphunzitsa kuponya mbedza, monga munkachitira bambo atamwalira, anthu akukusekani kuti mwalanda ntchito ya amuna.

Mukanaseka, Amayi. Kuno nyambo ndi mphutsi, ndipo amagula m'sitolo, m'kabokosi kotuluka mufiriji. Kuti munthu wamkulu awedze amayenera kukhala ndi chilolezo. Ndipo pa damu limenelo nsomba ukaikola sudya ayi. Umaiyang'ana, kuijambula, n'kuibwezera m'madzi.

Tinakhala pagombe m'mawa wonse osakola kanthu. Ana anayamba kukangana, ine n'kuwauza mawu anu aja, akuti mbedza ya munthu wolongolola imakola zinyalala. Takondwa anamva, anamumasulira mlongo wake m'Chingerezi, ndipo mkangano unathera pomwepo. Dzuwa lili pamutu chingwe cha Mphatso chinagwedezeka. Bambo ake anamugwira mkono, anakoka limodzi, ndipo panatuluka kansomba kamizeremizere, ka zipsepse zofiira, kosakwana chikhatho changa. Tinakaika m'ndowa ya madzi kuti tikajambule.

Itakwana nthawi yokabwezera, Mphatso anakumbatira ndowa ija n'kukana. Tinaganiza kuti ndi chibwana chabe. Bambo ake anamufotokozera za lamulo, iye osamva. Kenako anandiyang'ana n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka chija: “Ndi ya agogo. Akabwera.”

Amayi, pomwepo ndinazindikira kulakwitsa kwanga. Mu Febuluwale, nditabwera kokuikani, ndinawauza ana kuti agogo atisiya, apita kukapuma. Ndi mmene timanenera kwathu, ndi mmene inunso munatiuzira za bambo, ndipo ife tinamva. Takondwa anamva, analira mlungu wonse. Mphatso sanalire, ndipo ine ndinkati ndi wamng'ono, zamupitirira. Osadziwa kuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wobadwira kuno akamva kuti munthu wapita, amadziwa kuti basi imene yapita imabweranso. Miyezi yonseyi, Lamulungu lililonse pamene tinkakuimbirani foni paja, iye ankangoti mwina netiweki ya kumudzi yavuta.

Ndinakhala pa udzu, ndinamuika pamwendo. Ku ntchito ndauzapo mabanja ambiri nkhani ngati imeneyi, ndipo anatiphunzitsa kuti tisamazungulire, tizitchula mawu enieniwo. Koma pa inu mawu amenewo anakana kutuluka. Ndinayesa m'Chichewa, zinakanika. Ndinachita kumuuza m'Chingerezi, chilankhulo chimene simunkachifuna pakamwa panga, kuti agogo anamwalira, thupi lawo tinaliika m'manda pafupi ndi agogo aamuna, ndipo sadzabweranso ku Ilford kapena kuyankha foni.

Anandifunsa ngati munamva kuwawa. Ndinati pang'ono. Anafunsa ngati munadziwa kuti iye wayamba kuwerenga yekha. Ndinati ndinakuuzani muli m'chipatala, ndipo munaomba m'manja, pakuti ndi zoona. Apo m'pamene analira, kulira kwenikweni kwa maliro, kumene ine ndinalira ndekha kumudzi popanda mwana wanga ndi mmodzi yemwe pambali. Takondwa anabwera kudzamugwira. Bambo awo anavula chipewa n'kuyang'ana kumadzi. Azungu amene ankawedza chapafupi anasuntha mipando yawo mwakachetechete. Tinakhuza maliro anu kachiwiri, Amayi, anthu anayi, pagombe la eni.

Kansomba kaja kanali katayamba kugona chammbali m'ndowa. Mphatso anakanyamula yekha ndi manja awiri, analowa m'madzi ndi nsapato zomwe, anakagwirizira mpaka kanapuma bwino. Kanagwedeza mchira n'kuzimirira. Sanafunenso kuwedza tsiku limenelo, ndipo m'mawa mwake tinapasula tenti.

Kuyambira pamenepo sakugona yekha, ndipo mafunso ake sakutha. Dzulo tikupita kusukulu anandifunsa ngati kumene muliko mumamva Chingerezi, poti ali ndi zambiri zoti akuuzeni ndipo Chichewa chake n'chochepa. Ndinamuyankha kuti muli moyo simunkachimva, koma iyeyo munkamumva zonse.

Chaka chamawa, mvula ikatha, tidzamanga chiliza chanu. Ulendo uno sindibwera ndekha. Ndidzabwera nawo onse awiri, adzaime pamene mwagona, adzakulonjereni okha m'chilankhulo chilichonse chimene angathe.

Pumani bwino, Amayi. Ndimakukondani.

Ine mwana wanu,
Tiyamike