Injini ya ku Canada

Lolemba, 23 Seputembala 1991

Katoni yafika. Yachokera ku Canada, kwa mayi wachizungu uja tinkaphunzitsa naye chaka chatha pa sukulu ya pafamu pano. Marcelino wa thirakitala wakaitenga ku positi ku Raffingora, njira yonse ataikhalira ngati mpando.

M'kati mwake injini ya nthunzi, yaing'ono ngati lofu ya buledi. Kathanki kamkuwa, gudumu lofiira, kachumuni, kawezulo. Siifuna makala kapena parafini. Uthira madzi, ulumikiza kumagetsi, madzi awira, gudumu lizungulira. Ana anga a giredi 6 akhala akungojambula nthunzi m'makope, ena mpaka kuipaka mtundu wobiriwira.

Ahedi akuti tiionetse pa tsiku la makolo, pa 18 Okutobala, mu shedi yosankhira fodya, poti kusukulu kulibe magetsi. Ine Jesinta, mphunzitsi wopanda pepala, kuyendetsa injini pamaso pa komboni yonse! Mtima uli m'malere.

Lachitatu, 25 Seputembala

Simao wabwera kudzaiona ataweruka ku wekishopu, manja ali girizi yekhayekha. Ndamuuza ayambe wasamba. Kwangotsala mwezi kuti abale ake abwere ndi roora, malowolo anga, ayambe kuzolowera. Tsiku ndi 26 Okutobala, chifukwa nafenso a ku Tete tinatengera kwa Ashona kuopa ukwati wa mu Novembala.

Waitembenuza, wawerenga kachitsulo ka pansi pake. Magetsi a ku Canada ndi 110, athu ndi 220. "Ukangoilowetsa pakhoma, yapita," watero. Pulagi yakenso ndi ya mano awiri ophwatalala, sikwana m'masoketi athu. Ikufunika thiransifoma yochepetsa mphamvu. Bambo wa ku mishoni ali nayo, ya makina awo a kanema. Tiwapempha abwere nayo pa Misa ya pa 13.

Chitseko cha kalasi chilibe loko, mbuzi zimalowa ngati kwawo. Simao waitenga injini kukaitsekera mu kabati yake ku wekishopu. Mwamuna woyamba wawerenga asanagwire chinthu, pafamu pano ngosowa. Ndasankha bwino.

Loweruka, 5 Okutobala

Tsiku la malipiro. Kutentha koopsa. Kuchapa, kenako kusoka diresi ndi atete a Amelia, mlongo wa ababa. Akuti ndawonda, abale a Simao aziti amagula nkhuni.

Masana phokoso ku bhawa komwera mowa, kukuwa ndi malikhweru ngati wina wagoletsa chigoli. Simao anati abwera. Sanabwere.

Lamulungu, 13 Okutobala

Thiransifoma yafika, yolemera ngati mphero. Ndati tiyese injini lero lomwe. Simao akuti kiyi wa wekishopu ali ndi foromani. Ndati mawa. Akuti tinthu totere timatopa msanga, tisunge mphamvu zake mpaka Lachisanu. Ndamvera. Wandibweretsera duku yatsopano popanda chifukwa. Sabata yonseyi wangofatsa ngati mwana wodwala malungo.

Madzulo aliwonse ndikuloweza mawu anga, ketulo ya amayi ikuimira injini.

Lachisanu, 18 Okutobala

Sindikufuna kulemba, koma ndilemba.

Shedi yodzaza. Ana pansi kutsogolo, makolo pamabelo a fodya, manejala ndi akazi awo pamipando. Ababa mzere woyamba, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Injini ikunyezimira kuposa tsiku lomwe inabwera.

Ndinathira madzi. Pulagi mu thiransifoma, thiransifoma pakhoma. Tinadikira. Ndinafotokoza za nthunzi. Ndinabwerezanso. Ndinagwira kathanki, zii ngati mtsuko. Abambo a kumbuyo sankasuzumira n'komwe, ankangogwedezana n'kumasekera m'zipewa.

Simao anabwera kutsogolo, anainunkhiza, anati chotenthetsera madzi chinapsa. Ahedi anandifunsa pamaso pa anthu ngati sindinaiyese ndekha popanda thiransifoma. Ndinayang'ana Simao kuti anene kuti yakhala mu kabati yake nthawi yonseyi. Iye anangoti, "Ine ndinawachenjeza aphunzitsi za 220."

Basi. Anthu anamva zomwe anamva. Ana anaimba nyimbo yotsekera, ine ndikukhuthulira madzi m'ndowa.

Lamulungu, 20 Okutobala

Marcelino wandipeza ndikutunga madzi pa bohoro, atalawa kale. Kufuna kunditonthoza. "Musadandaule aphunzitsi, chinthu chanu chija n'chenicheni. Chinathamanga ngati chagwidwa mizimu!"

Ndatula chidebe. Wanena zonse, akuseka.

Loweruka la malipiro lija. Anzake ankamunyoza Simao kuti akusunga chidole cha mkazi ndipo akuchiopa, ukwati usanachitike n'komwe. Anakaitenga. Anazula furiji ya mowa kumagetsi, anakulunga mawaya pa mano a pulagi, mbali inayo n'kulowetsa mu soketi, n'kutsindira ndi timitengo ta machesi monga amachitira ndi chopukusira zitsulo ku wekishopu. Anati pang'ono pokha sipalakwika kanthu. Madzi anawira nthawi yomweyo, gudumu kuzungulira osaoneka, wezulo kulira, tebulo kunjenjemera, zikho kugwa. Kenako fungo ngati la tsitsi lopsa. Chete.

Anaipukuta bwinobwino n'kuibwezera mu katoni. Phokoso ndinalimva ndikusoka diresi lija, linali la injini yanga.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndamufunsa kuseri kwa wekishopu. Poyamba wakana, akuti Marcelino ndi chidakwa. Kenako akuti ndi chidole chabe, andigulira china ku Harare. Kenako akuti ndichepetse mawu, foromani amva.

Akanabwera tsiku lomwelo n'kunena kuti Jesinta, ndaotcha, ndikanamukalipira, ndikanalira, pofika Lolemba nkhani itatha. Kuotcha aliyense amaotcha. Koma anandisiya ndikuloweza ndi ketulo. Anandinyamulira yekha katoni mpaka mu shedi. Anandiona ndikuthira madzi m'chinthu chakufa. Ndipo atapatsidwa mpata woti andiombole, anadzipukuta nane manja ngati chisanza cha girizi.

Zikundiwawa. Ndimamukondabe, ndipo zimenezo zikundikwiyitsa kwambiri.

Atete a Amelia akuti mwamuna aliyense ali ndi bodza lake, wako wanama za chitsulo, thokoza. Samenya, ali ndi nyumba ya njerwa, manejala amamudalira. Zoona zonsezo. Kusukulu ana akandiona akumalira ngati wezulo. Ndiye kuti makolo awo anawafotokozera.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndapempha ababa kuti tisunthe tsiku. Akuti amalume a Simao anapempha kale tchuthi ku mgodi ku Shamva, za basi analipira, mowa uli pamoto. Ndati sindingagwade pamaso pa munthu amene anandiimika pagulu ngati wabodza. Ayankha akusenda mpini, osandiyang'ana. "Mwana wanga, kanthu kaja sikanayende ngakhale nthawi yosuta ndudu imodzi. Ndiye uphere banja pamenepo?"

Ndawafunsa kuti akudziwa bwanji. Mpeni waima.

Anali m'bhawamo. Anaona zonse, mwina anaomba nawo m'manja. Pa 18 anavala jekete n'kukhala mzere woyamba, akudziwa kuti madzi sawira. Akuti sanafune kuyalutsa mkamwini roora isanalowe.

Sindinadye. Amayi okha ndiwo sankadziwa. Alira kuposa ine.

Loweruka, 26 Okutobala

Ndikulembera m'kalasi, pa benchi ya ana. Mbuzi ziwiri pakhomo. Diresi likadali m'thupi.

Anabwera m'mawa, amalume awiri ndi nkhoswe. Zonse zinayenda monga mwa mwambo. Kenako anandiitana. Mbale pamphasa, ndalama m'mbalemo. Mtsikana akatola, ndiye kuti wavomera mwamunayo. Ndinagwada. Dzanja linkafuna kutola, sindinama.

Ndinapempha kuti amuitane Simao, amene ankadikira panja. Ndinati ndili ndi funso limodzi, ayankhe pamaso pa abale ake, ndikatero nditola. Anaotcha injini ndani?

Mawu amodzi okha. Ndinali nditamukhululukira kale, ndimangodikira. Iye anaseka pang'ono, anayang'ana amalume ake, anayang'ana ababa. "Zinthu za azungu zimangofa zokha," anatero. Ababa maso pamphasa.

Ndinadzuka. Atete anandigwira chitenje, ndinawamasula zala chimodzichimodzi.

Sindinatole.

Akubwera wina m'kanjira ka kusukulu, ndikumva mapazi. Ngati ndi amayi, alowe. Ngati ndi iye...