Chilombo cha Mfuti pa Tsiku la Chiliza

Okondedwa amalume,

Landirani moni wochokera kuno ku Lobi. Kaya muli bwanji ku Joniko pamodzi ndi banja lonse? Ife tilipo, koma mlongo wanu, amayi anga, sali bwino, ndipo ine mtima uli m'mwamba.

Loweruka tinavundukula chiliza chija cha abale athu amene anaphedwa kumudzi kwathu ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Mukudziwa mmene ndinalimbikirira nkhaniyi. Ndinatopa nawo akuluakulu omangoti "mawa, mawa," ana akukula osadziwa kumene tinachokera.

Bambo mfumu atadalitsa n'kubwerera kuparishi, gule analowa m'bwalo. Mwadzidzidzi kunatuluka chilombo chachilendo, chovala ngati msilikali, mfuti yamtengo ili paphewa. Amayi anakuwa, n'kunyamula mdzukulu wawo, liwiro kulowa m'chimanga. Tinawapeza atagona chafufumimba mumzere, atamutseka pakamwa mwanayo. "Khala chete, atimva," anandinong'oneza, osandizindikira n'komwe.

Kuyambira tsikulo sakudya. Amakhala pakhonde n'kumatchula mayina a ophedwawo mmodzimmodzi, adzukulu n'kumabwereza. Akafika pa ana a azakhali anu amaima, n'kuyamba kulira: "Aja anali ndani kodi? Achimwene ndiwo akudziwa."

Akuluakulu akuti digiri yandizunguza mutu, ndadzutsa zogona. Kaya. Ine chimene ndikuopa n'chakuti amayi angatisiye mayinawo asanakwane. Chonde amalume, imbani foni sabata yomwe ino, muwauze mayina a anawo. Mwina akawamva adya.

Mulungu akusungeni kutaliko.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Chisomo