Kamera Imatsata Mpira

Lachitatu, 28 Meyi

Trevor wandiimbira ndili pa kabaza, ndikuchokera ku tireningi. Trevor ejenti wa osewera uja, wovala suti ngakhale pa bwalo la fumbi. Wati timu ina ya ku Tanzania ikufuna difenda wapakati mmodzi, ndipo itumiza munthu kudzaonera masewero a timu ya dziko Loweruka la sabata ya mawa. Koma munthuyo asanabwere akufuna kanema wamfupi wa kaseweredwe kanga. “Zootcha zokhazokha, Gilford. Osati zomangoyendayenda.”

Ndakwanitsa zaka makumi atatu, ndipo ejenti kundiimbira ine n’koyamba. M’timu ya dziko ndakhalamo mpaka ndasanduka mpando. Anyamata amene ndinawaphunzitsa poima ali ku Joni, ena ku Zambia, akutumiza zithunzi atatsamira magalimoto. Ine ndidakali ku Kawale, bondo lamanzere likundikumbutsa m’mawa uliwonse kuti nthawi yatha. Uwu ukandiphonya, wina sudzabweranso.

Kettie ndamuuza tikudya. Mkazi wangayu sasangalala msanga. Wangofunsa ngati ku Tanzania amalola kupita ndi banja.

Lachinayi, 29 Meyi

Tsiku lonse ku Mchesi kwa Tahir, woika nyimbo ndi mafilimu m’mafoni uja. Ali ndi masewero athu ambiri amene anajambula pa TV. Ndinapita ndi mtima woti tikangodula apa ndi apo, masana ndibwerere.

Taonera masewero oyamba mpaka kutha. Achiwiri. Achitatu. Ine ndikuoneka m’mphepete mwa sikirini, dzanja lili m’mwamba, kukamwa kuli yasa. Kenako kamera yapita ndi mpira, ine ndasowa. Tahir anayamba ndi ulemu, koma pofika masana anandiyang’ana n’kufunsa, “Akulu, masewerowa inu munalipodi?”

Ndinayesa kumufotokozera. Ndinamuonetsa pomwe wapakati wa timu ina anadzutsa mutu kuti apatsire sitiraika wake, n’kupeza ine ndatseka kale njira, n’kubwerera nawo mpira m’mbuyo. Ndinati ntchito yanga ndi imeneyo. Iye anati wamva, koma chinthu chimene sichinachitike achidula bwanji?

Amene wadzaza makanema onsewo ndi Joel, mnzanga wotchinga naye kumbuyo ku kalabu ndi ku timu ya dziko komwe. Uyo waseleleka, uyo wagudubuka, uyo wadzuka ndi udzu kumaso masapota akukuwa. Palibe amene amafunsa kuti ankaselelekeranji. Amakhala atachoka pamalo pake, ine n’kumukuwira kuti bwerera, iye n’kufika mochedwa. Kuchedwa kwakeko ndiye kumene anthu amakuombera m’manja.

Tatuluka ndi kanema womvetsa chisoni. Mipira ingapo ya pamutu, kupatsira goloboyi, ndi ine ndikuloza. Tahir waikamo nyimbo yamphamvu kuti mwina ithandize.

Loweruka, 31 Meyi

Ligi. Tapambana, osagoletsedwa. Wosewera bwino pa tsikulo: Joel.

Pobwerera m’minibasi ya ku Kawale ndinavala chipewa mpaka m’maso. Bambo wina kumbuyo ankauza anzake kuti Gilford uja angopuma, amangoima n’kumaloza ngati wapolisi wa pamsewu. Minibasi yonse kuseka. Kondakitala anandizindikira, koma naye anaseka.

Lolemba, 2 Juni

Talowa m’bindikiro wa timu ya dziko. Chipinda andiika ndi Joel, monga mwa masiku onse, kuti ndizimuyang’anira.

Mnyamata ameneyu n’zovuta kudana naye, ndiye chimene chikundipweteka kwambiri. Mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Area 25, ulemu wake wochititsa manyazi. Amandinyamulira chikwama ndisanamutume. Pa gome sayamba kudya ndisanayambe. Lero madzulo wabwera pa bedi langa ndi foni, nkhope ili mwee, kuti ndione kanema amene Trevor wamutumizira ku Tanzania.

Ku Tanzania komweko. Timu yomweyo. Malo amodzi omwewo.

Iye sakudziwa kuti ine ndilimonso. Ndaonera mpaka kumapeto, ndipo malo aliwonse ndimawakumbukira, chifukwa kuseri kwa nyimbo imene aikamo kunali mawu anga akumuuza kothamangira. Wandifunsa ngati zili bwino. Ndati zili bwino.

Trevor sanandiuze kuti akugulitsa mbuzi ziwiri kwa wogula mmodzi. Foni yake sakuyankha.

Lachitatu, 4 Juni

Trevor wayankha. Alibe ndi manyazi omwe. Wati iye ndi wabizinesi, amene angakondedwe ndi yemweyo. Za kanema wanga wati a ku Tanzania anafunsa ngati wafika wathunthu kapena wadukira panjira. Kenako wandilangiza ngati mwana, kuti Loweruka ndidzawaonetse kanthu, ndidzagwe pansi ngakhale kamodzi kokha.

Titatha tireningi ndinawatsatira akochi. Ndinawapempha kuti mlendo wa ku Tanzania uja akabwera adzandilankhulireko, poti iwo akudziwa chimene ndimachita m’bwalo. Anandigwira paphewa n’kundiyamikira mpaka ndinatopa. Akuti ine ndi maso a timu, popanda ine Joel ndi mwana wosochera pamsika. Kenako anaseka n’kuti, “Nanga ukapita iweyo, ine kumbuyoku ndiikako ndani?”

Ankaona ngati nthabwala. Zaka zonsezi akundidyera masuku pamutu, ine n’kumati ndikulemekezedwa. Ndili wofunika kwambiri moti sindingachoke, koma wosafunika moti palibe angandigule. Pa mapepala olengeza masewero amene amata m’tauni pali sitiraika, goloboyi ndi Joel.

Ndakwiya, ndipo mkwiyo wake si wa lero.

Lachisanu, 6 Juni

Joel wapemphera tisanagone. Wanditchula dzina, kuti Mulungu asunge bondo langa mawa.

Loweruka, 7 Juni

Ndilembe lero lomwe, mawa ndingayambe kudzinamiza.

Chigawo choyamba ndinasewera mpira wanga. Timu imene timasewera nayo ili ndi nambala 9 wamtali, wothamanga, koma mpira sanaununkhe. Ndinkamuona asanaganize. Joel kumanja, Joel dikira, Joel bwerera, mzere utuluke. Tinapita kopuma osagoletsana, ine thukuta lokha, osagwa ndi kamodzi komwe.

Potuluka ndinayang’ana kwa akuluakulu. Trevor anali pamenepo ndi bambo wa malaya oyera, mlendo wa ku Tanzania uja. Bamboyo anali ataweramira foni yake. Chigawo chonse chija ndinatseka msewu, iye akuwerenga mauthenga.

Sindinganene kuti ndinapanga pulani. Titabwerera m’bwalo ndinangotseka pakamwa. Joel anatembenuka kundiyang’ana, ine ndinayang’ana kwina. Anatembenukanso. Kenako anayamba kudziyendera yekha, ndipo ine ndikudziwa kumene amapita akamadziyendera yekha. Amatsata mpira ngati kamera.

Zinabwera monga ndinkayembekezera. Wapakati wawo anadzutsa mutu, Joel anathamangira kutsogolo kukamulanda, nambala 9 anazembera kumbuyo kwake. Mawu oti “bwerera” anali pa lilime. Akanamva, akanabwerera, mpira uja sukanaponyedwa n’komwe, ndipo palibe akanadziwa kuti panali ngozi. Ndinawameza.

Mpira unadutsa. Nambala 9 anatsala ndi goloboyi yekha. Ine ndinali nditanyamuka kale, poti ndinadziwa. Ndinadziponya ndi mwendo wodwala womwewo, m’mphepete mwa bokosi, ndipo ndinakhudza mpira wokhawokha. Ndikanachedwa pang’ono inali penate ndi kadi yofiira, dziko lonse likuona.

Phokoso lake sindinalimvepo chiyambire mpira. Sitediyamu yonse dzina langa. Ndili chigonere pansi ndinamva kukoma, ndisaname, kukoma kwenikweni, ndipo ndi kumene kukundinyansa tsopano.

Sindinalekere pomwepo. Ndinakhalabe chete. Joel anasokonekeratu, anaphonya mpira wa pamutu, kenako anakoka munthu jezi n’kupatsidwa yachikasu. Akochi anamutulutsa. Anthu omwe aja amamuimbira nyimbo sabata ndi sabata anamukuwiza mpaka pa benchi, ena kumuponyera mabotolo a madzi. Anayenda atazolika.

Atalowa wina m’malo mwake ndinayambanso kulankhula. Tinapambana ndi chigoli chimodzi. Wosewera bwino: Gilford. Bambo wa malaya oyera anatsika kudzandigwira dzanja.

Lamulungu, 8 Juni

Ndafika kunyumba m’mawa. Bondo latupa.

Ku Kawale lero ndine munthu. Tahir wadula kale malo amene ndinadziponya aja, waikamo nyimbo, ali pa foni ya aliyense. Amayi ogulitsa tomato pa kona andipatsa moni wa manja awiri. Anyamata a kabaza akukanganirana kundinyamula. Wina wandiuza kuti iye ankadziwa kalekale kuti ndine katswiri, anthu ndi amene sankaona. Ndamuyang’anitsitsa. Sindikukayika kuti ndi mmodzi wa oseka m’minibasi.

Kettie anali ku sitediyamu dzulo. Ndikachokera ku masewero ndimabwera mawu atasasa, osatha ngakhale kuitana mwana, ndiye amandikonzera madzi otentha a ndimu ndi uchi. Lero anawakonzanso. Ndinamupatsa moni, ndinamufunsa za ana, ndinayamba kumufotokozera za mlendo uja. Anandimvetsera kapu ili m’manja. Nditamaliza anati, “Lero mawu anu ali bwinobwino.”

Anakathira madziwo panja.

Lolemba, 9 Juni

Pa wailesi akumudya Joel wamoyo. Akuti anakula msanga, akuti timu ya dziko si ya ana. Olankhulawo ndi omwe ankati ndi tsogolo la dziko mwezi wathawu. Ndazimitsa, ndayatsanso.

Ndakhala ndikudziuza kuti iye ndi mwana, mwayi wake udzabweranso, wanga unali womaliza. Kuti zaka zonsezi wakhala akudya thukuta langa. Kuti sindinamupinge mwendo, sindinamunenere bodza, ndinangokhala chete. Zonsezi n’zoona, koma chakudya chikundikanika.

Lachiwiri, 10 Juni

Trevor waimba m’mawa. A ku Tanzania andifuna. Lachisanu ndikwere ndege kukayezedwa m’thupi, zikayenda bwino ndisaine. Akuti kochi wa kumeneko waonera malo aja kambirimbiri, akufuna difenda wolimba mtima chonchi, wosaopa kudziponya. Banja lidzanditsatira pambuyo. Za Joel wangoti msika wake wagwa, adikire kaye.

Ndinaganiza kuti ndikuwa ndi chimwemwe. Ndinangoti zikomo.

Masana ndili pakhonde ndi ayezi pa bondo, ndinaona Joel akutsika pa kabaza. Ndinati wadziwa, wabwera kudzandifunsa, ndipo mwina ndi bwino, anditukwane zithe.

Anakana mpando, anakhala pa sitepe. Anati wamva kwa Trevor ndipo wabwera kudzandiyamikira, palibe woyenera kuposa ine. Kenako anayamba kupotokola zala. Kettie anali atatulukira pakhomo ndi beseni la zochapa.

“Akulu, ndabweranso kudzapepesa. Ndinakuvutitsani Loweruka. Inu mumakuwa, ine osamva kanthu. Ndimatembenuka, osamva. Sizinandichitikirepo. Amayi akuti mawa andiperekeze kuchipatala akandione m’makutu.”

Anandiyang’ana, kudikira kuti ndinene kanthu. Kettie anaika beseni pansi.

Ndinati, “Phokoso linali lambiri, mphwanga.”

Anagwedeza mutu, anati mwina ndi zimenezo, komabe akayezetsa, sakufuna kudzagwetsanso timu. Asananyamuke anapempha kuti apempherere ulendo wanga. Anavula chipewa, anagwada pa simenti, n’kundigwira bondo lotupalo ndi manja onse awiri.

Anapemphera nthawi yaitali. Ine maso anandikanika kutseka. Nditadzutsa mutu ndinapeza Kettie naye sanatseke.